Ndani Ayambe Kumenya Mpira wa Che Deli

Lolemba

Lero ndine munthu! Che Deli, mzungu wa ku bungwe losamalira othawa nkhondo, wandiitanira pambali n'kundipatsa chibonga, mpira ndi ntchito.

Ntchito yake nayi. Loweruka kukubwera abwana ake ochokera ku Lilongwe kudzaona ana athu a pano pa Katuli akusewera limodzi ndi ana a ku Mozambiki. Masewera ake ndi akwawo ku Amereka, akuti besibolo. Timu yanga ipikisana ndi ya a Chikopa, mphunzitsi wa kutsidya kwa mtsinje. Amene timu yake isangalatse abwana ndiye alembedwe ntchito pa sukulu yatsopano ya kumsasa wa othawa nkhondo. Malipiro, njinga, nyumba. Nyumba! Yamalata, ya chitseko chokhala ndi loko.

Ndilembe bwino apa chimene ndikumenyera. Kwathu ndi ku Malindi. Ndinabwera kuno kudzaphunzitsa mongogwirizira, n'kukwatira pompano, ndipo mpaka lero ndili pa chikamwini. Kanyumba kamene timagona ndi Patuma mkazi wanga kagundana ndi khitchini ya apongozi. Ndikayetsemula amayankha ndi iwo. Beseni losamba m'manja limandipeza litazungulira khonde lonse, madzi ali ngati phala. Ndatopa. Ndikufuna kutuluka, basi.

Masewerawo si ovuta. Ndi raundasi ya atsikana ija, kungoti iyi yabwera pa ndege. Wina aponya, wina amenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira matumba anayi a mchenga. Ukaphonya katatu, wafa. Akafa anthu atatu, timu yonse ichoke, ina ilowe. Nzeru yonse, akutero Che Deli, ili pa mndandanda wa omenya, anthu asanu ndi anayi:

woyamba akhale waliwiro, kuti afike pa thumba;
wachiwiri ndi wachitatu akhale osaphonyaphonya;
wachinayi akhale wamphamvu kuposa onse, amenye kamodzi anzake aja abwerere kwawo;
ofooka kumapeto, kumene sangawononge zambiri.

Ndakhala pansi pa mango, ndalemba mosatuluka thukuta. Woyamba Zhuwao wa kumsasa, mwana woti akathamanga mbuzi zimasiya kudya. Kenako mapasa, Pedulo ndi Paulo, a kumsasanso. Wachinayi Rozita.

Rozita! Mtsikana wa kumsasa, wa sitandade faifi, wosalankhulalankhula. Akaweruka amasinjira anthu chimanga m'mudzi kuti amupatseko madeya, ndiye mikono yake si yamasewera. Lero wamenya mpira mpaka wakagwera m'munda wa chinangwa wa ahedi. Che Deli anavula chipewa.

Pakatipa anyamata a m'mudzi muno. Wachisanu ndi chitatu Amidu, mwana wa ashehe. Wotsiriza Twaibu, mlamu wanga, mwana wotsiriza wa apongozi, amene amatsinzina mpira ukamabwera.

Ndi mndandanda umenewu a Chikopa alira. Ndayamba kale kuganiza mbali imene ndidzaike bedi.

Lachiwiri

Cholakwa choyamba: ndakhoma pepalalo pa chitseko cha kalasi. Mayina kumanja, manambala kumanzere, pamwamba dzina la Che Deli m'zilembo zikuluzikulu. Ndimati zioneke zaukadaulo.

Ndinaiwala kuti kumsasa pepala lokhala ndi manambala ndi dzina la mzungu limatanthauza chinthu chimodzi: ufa, nyemba, mafuta, mwina bulangeti. Belu lopumulira lisanalire, bwalo ladzaza. Amayi ali ndi makadi awo olandirira chakudya m'manja, afola kale mzere wowongoka kuposa wa ana anga pa asembule. Anthu awa mzere amaudziwa.

Amene afuna kulembedwa lero:
khanda losayamba n'kukwawa komwe;
mayi wina woyembekezera, akuti ndilembe awiri;
nkhalamba yopanda mano, ikuti chibonga imachitha, inaphapo nacho nguluwe.

"Apurofeso," atero mayi wa kutsogolo, poti kwawo mphunzitsi amamutcha choncho, "namba wani alandira chiyani?"

Ndafotokoza kuti palibe cholandira, ndi masewera chabe. Aseka. "Mzungu angalembe dzina la munthu ulele?" Ndafotokozanso ndi manja. Ndatenga chibonga, ndamenya mphepo, ndathamanga ndekha kuzungulira matumba anayi aja pamaso pa amayi onsewo, tayi ili kumsana. Awomba m'manja. Kenako abwerera pamzere.

Mpaka ahedi atuluka ndi ndodo yolozera pa bolodi ndi pamene anthu abalalika, akung'ung'udza kuti aphunzitsi agawana zinthu okhaokha.

Patsala bambo mmodzi, chipewa chili m'manja. Bambo ake a Zhuwao. Afunsa chifukwa chimene mwana wawo ali pamwamba. Ine monyadira: "Chifukwa amathamanga kuposa onse." Nkhope yawo yagwa. Akuti kwawo kunabweranso anthu olemba mayina a anyamata othamanga, ndipo mkulu wake wa Zhuwao analembedwa. Apempha kuti ndifufute dzinalo iwo akuona. Ndafufuta. Apempha kuti ndipake inki pamwamba pake lisaoneke ngakhale pang'ono. Ndapaka.

Apa sindinapeze choseka. Woyamba wanga wapita, ndipo sindingawatsutse.

Lachitatu

Jando. Ndinaiwala jando!

Anyamata anga a m'mudzi muno onse analowa jando, ena chaka chatha, ena angotuluka mwezi wathawu, ndipo tsopano ndi akuluakulu. Amayankha ndi mawu a pansi pa mmero. Amayenda manja ali kumbuyo. Lero abwera pagulu kudzandiuza kuti sangamenye pambuyo pa mwana wamkazi. Sangamenyenso pambuyo pa mapasa, poti mapasawo ku jando sanapondeko. Atanena zimenezi ayang'ana mapasa, kenako ayang'ana ine wa ku Malindi, kuyambira kumutu kutsika pang'onopang'ono. Ndasintha nkhani msanga.

Pakati pawo pomwe pali dongosolo: wa chaka chatha sangatsatire wa chaka chino. Ndipo wa chaka chatha woyamba kulowa m'thezo anali ndani? Twaibu. Mulungu wanga.

Ndayesa kuwauza kuti namba folo ndiye mpando waulemu, woyamba ndi wantchito chabe. Amidu wandifunsa mwaulemu kwambiri: "Ngati ndi waulemu, aphunzitsi, bwanji mwaikapo mkazi?" Mwana uyu adzakhala loya.

Ndawakalipira. Ndawauza kuti pano mwini chibonga ndine. Akhala pansi pa mango, onse asanu, n'kuyamba kutafuna bwemba. Ndatsala ndi Rozita ndi mapasa. Anthu atatu si timu.

Madzulo, apongozi. Mwambo wake sitiyang'anizana, ndiye amalankhula nane kudzera mu mpanda. Ali kuseri kwa bango, akuuza nkhuku zawo mokweza: "Pali anthu ena amadya pakhomo pano, amagona pakhomo pano, koma mwana wa pakhomo pano amamuika kumapeto, pambuyo pa obwera." Nkhuku sizinayankhe. Wayankha ndi Patuma, akupeta mpunga osandiyang'ana: "Abambo a Esinati, mwamvatu."

Ndamva. Ndiwo za lero: ena adya usipa, ine ndapatsidwa msuzi wake.

Mndandanda watsopano: Twaibu wakwera kufika pa faifi. Rozita akadali pa folo. Ndikuima nji. Ndine mwamuna, ndili ndi satifiketi ya fomu thuu.

Lachinayi

Tsiku lolandira ufa kumsasa. Rozita kulibe, mapasa kulibe, ali pamzere ndi matumba kuyambira m'mawa. Ndatsala ndi akuluakulu anga a jando, amene avomera kuyeserera poti lero palibe mkazi wowayambirira.

Zotsatira zake:
Twaibu watsinzina nthawi zonse, wamenya chinthu kamodzi kokha, ndipo chinthucho ndi msong'olo wake;
Amidu amagwira chibonga mokongola moti ungamujambule, koma samenya;
wina wataya chibonga m'malo mwa mpira, chatsala pang'ono kundichotsa mano;
otsalawo akangana za amene aime pamthunzi.

Ahedi andiitana mu ofesi. Andipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo. Akuti amva kuti pa pepala langa pali malo opakidwa inki. Akuti mwana wawo Mphatso ndi namba wani m'kalasi chaka chilichonse, ndiye sizingaoneke bwino pamaso pa alendo kuti pabwalo asakhale namba wani. Ndati Mphatso sanagwirepo chibonga, ndipo akathamanga amabanika. Ahedi atsegula dirowa, atulutsa chidindo cha sukulu, achipukuta bwinobwino ndi mpango. Akuti bungwe lija silingalembe mphunzitsi ntchito popanda umboni wa ahedi ake. Achibweza m'dirowa. Andifunsa ngati mwana wanga Esinati wachira chifuwa.

Mphatso ndamupeza kuseri kwa kalasi akuwerenga. Ndamuuza. Wandiyang'ana ngati ndamuuza za maliro. "Mpirawo umapweteka?" Umapweteka, mwana wanga. Tonse utipweteka.

Che Deli wadutsa pa njinga yamoto, fumbi koboo. Wakweza chala chachikulu. "Rozita menya folo, eya?" Ndati eya. Nanga ndikanamuyambira pati? Pa jando? Pa nkhuku? Mzungu uyu akuganiza kuti mndandanda amalemba ndi munthu mmodzi.

Ndiwo za lero: msuzi womwe uja, wothira madzi.

Lachisanu

Lero theka la kalasi lili ku mzikiti. Ndimati ndipuma. Ayi ndithu. Mapemphero atatha, madoda akhala pakhonde la mzikiti n'kukambirana pepala langa, ine kulibe. Anthu oti mpirawo sanauonepo!

Uthenga wabwera ndi Che Bwanali, malume a Patuma, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wanga. Avula nsapato, akhala pamkeka, afunsa za kwathu ku Malindi mmodzimmodzi mpaka agalu. Kenako: "Alamu, ashehe sananene kanthu. Angodabwa." Andiyang'anitsitsa kuti kudabwako kundilowe. "Ife kuno alendo tawalandira. Minda tawapatsa, nkhuni zathu atha, pachitsime timafola nawo. Koma pamaso pa azungu mwana wa ashehe aime kumbuyo kwa mtsikana wosinja madeya? Inunso ndinu mlendo, alamu. Tinakulandirani bwino, eti?"

Eti. Ndikanati chiyani?

Ahedi nawo auzidwa. Alola kuti Mphatso atsike pa firii, bola akhale patsogolo pa ana onse a makolo osaphunzira. Ashehe ndi apongozi awachotsera pa lamuloli.

Mndandanda womaliza, wogwirizana ndi mzikiti, ofesi ndi nkhuku:
woyamba Twaibu;
wachiwiri Amidu;
wachitatu Mphatso;
kenako akuluakulu atatu a jando, motsata zaka zawo;
kenako Pedulo ndi Paulo;
wotsiriza Rozita.

Ndiye kuti ndatenga zonse zimene Che Deli ananena n'kuziimika chadodolido. Koma ndaganiza mofatsa. Mzere umazungulira. Atatu akafa timachoka, tikabwereranso timayambira pamene tinalekezera. Masewera ndi aatali. Rozita adzafikiridwa, adzamenya kamodzi, abwana adzavula zipewa, zonse zidzaiwalika. Nzeru ndili nazo, kungoti anthu sazidziwa.

Ndapita kukamuuza Rozita ndekha. Ndamupeza pa mtondo kwa eni chimanga, madeya ali m'tsitsi. Wagwada, wamvetsera.

"Naini ndi pambuyo pa eyiti?"

Ndati eya.

"Ndidikira."

Wadzuka, watenga munsi. Amayi ake, amene amapeta pambali, andiuza kuti deresi lake alichapa kale, lili padzuwa, ndipo mawa amumasula ku nkhuni. Akuti zikomo pomulemba mwana. Ndikanakonda akanandilalatira.

Ndiwo za lero: nkhuku. Ndapatsidwa chiganga chonse.

Loweruka

Abwana anati afika m'mawa. Afika dzuwa lili paliwombo, ana atawauka pabwalo, mmodzi atakomoka kale n'kutsitsimuka. Magalimoto awiri oyera. Mayi wa chipewa chachikulu, bambo wa kamera, ndi wina wongonyamula mabotolo a madzi.

Zimene zachitika mpira usanaponyedwe:
pemphero la abusa;
duwa ya ashehe, kuti pasakhale kukondera;
mawu a ahedi, kuyambira chaka chimene sukulu inamangidwa;
mawu a wapampando wa kumsasa, m'Chipwitikizi, n'kumasuliridwa kawiri;
gule wa sikiri;
nyimbo yolandira alendo, alendowo atakhala kalekale.

Ayamba kumenya ndi a kutsidya. A Chikopa aika atsikana anayi kutsogolo, onse odziwa raundasi. Munthu uyu ndi wosakwatira, kwawo n'kutali, alibe mlamu ngakhale mmodzi. Atsikanawo azungulira matumba anga mpaka mchenga watayika. Tikanakhala pomwepo mpaka mawa, koma Rozita wawakha mipira iwiri m'malere ndi manja okha, phwa, phwa, wachitatu wathamangitsa mwini wake n'kumugunda nawo. Mayi wa chipewa wawomba m'manja. Mtima wanga wayamba kubwerera m'malo.

Nthawi yathu.

Twaibu walowa atavala kofiya yatsopano. Apongozi nthungululu, mudzi wonse nthungululu. Watsinzina, wazungulira. Watsinzina, wazungulira. Kachitatu wazungulira mpaka wakhala pansi. Wafa. Apongozi nthungululu zina, akuganiza kuti wamaliza bwino ntchito yake.

Amidu waima mokongola, bambo wa kamera mpaka wagwada pomujambula. Mipira itatu yabwino yamudutsa iye osagwedezeka. Wafa. Pobwerera wandiuza kuti munthu wamkulu sathamangira zinthu.

Mphatso, mwana womvetsa chisoni, wabisa nkhope kuseri kwa chibonga, ndipo mpira wagunda chibongacho wokha! Wagubuduka pang'ono. Tonse: "Thamanga!" Wathamanga, koma kulowera kwa bambo ake. Wafa.

Atatu. Timu ichoke.

Ndikuuza ana kuti musadandaule, tibwereranso, ndikuona mayi wa chipewa akuyang'ana wotchi. Akuti chakudya chamasana chikuwadikira ku hotela ya ku Makokola, ndipo msewu wathu ndi woipa. Akuti zinali zokongola kwambiri, ana a mayiko awiri kusewera pamodzi. Agwirana chanza ndi ahedi, ashehe, a Chikopa, Twaibu.

Che Deli wandipeza ndili chiimire ndi pepala langa. "Rozita kuti?" Ndaloza. Ali kumapeto kwa mzere, mu deresi lochapa lija, akuuzira m'manja mmene mpira unamuwawula. Che Deli wayang'ana iye, wayang'ana pepala, wayang'ana ine. Wakwera galimoto.

Ana onse athamangira magalimoto, poti wina wamva kuti kumbuyo kuli mabisiketi. Makolo atsatira. Bwalo latsala mbee. Rozita yekha sanasunthe.

"Apurofeso, yakwana nthawi yanga?"

Ndamupatsa chibonga. Ndaponya ndekha, ndi mphamvu zanga zonse, ndi mkwiyo womwe. Kamodzi kokha. Mpira wadutsa pamwamba pa mango, pamwamba pa denga la ahedi, wakalowa m'thengo la kumanda. Wathamanga kuzungulira matumba onse anayi, osadumpha ngakhale limodzi, wabwerera, wandipatsa chibonga ndi manja awiri. Mboni: ine ndi mbuzi.

Mpirawo tafuna, sitinaupeze.

Lamulungu

Ahedi andiuza potuluka m'tchalitchi. Ntchito yapita kwa a Chikopa. Njinga, nyumba, loko, zonse. Ahediwo nkhope ili ngwee, akuti m'timu yathu yonse amene anakhudza mpira ndi Mphatso yekha, ndipo umboni wanga adinda tsiku lililonse ndikaufuna. Ndiufunire chiyani tsopano?

Panjira ndakumana ndi Rozita atasenza nkhuni za dzulo ndi za lero. Watula, wagwada, wandipatsa moni monga mwa masiku onse. Ndayankha ndikuyang'ana nkhunizo. Manyazi andigwira, ndipo sakundisiya.

Kunyumba kuli chisangalalo. Mudzi wonse ukudziwa kuti pamaso pa azungu a ku Lilongwe woyamba anali Twaibu, ndipo anagwidwa chanza. Sanasambe dzanjalo. Apongozi auza nkhuku zawo kuti pakhomo pano pali mkamwini wa mutu, wodziwa malo a munthu aliyense, ndipo kwa nthawi yoyamba atchula dzina langa osalilakwitsa.

Masana Che Bwanali abwera ndi khasu. Anditengera kuseri kwa khitchini ya apongozi, mbali inayo, pakati pa khola la mbuzi ndi bafa. Alemba pansi ngodya zinayi. Akuti banja lakhala pansi, laona kuti munthu ngati ine sangamagone m'kanyumba kaudzu, ndipo sangaloledwe kupita kulikonse. "Mumange yanjerwa, alamu. Yokhalitsa. Yoti zidzukulu zanu zidzaipeze." Patuma akumwetulira. Apongozi akutsokomola mokondwa kuseri kwa mpanda, pafupi kwambiri.

Ndathokoza. Ndawomba m'manja monga mwa mwambo.

Chikombole choumbira njerwa andibwereka kale, achitsamiritsa pakhomo. Dothi la pamenepo, akutero, ndi labwino zedi. Silikokoloka.